Makina opalasa akale ndi abwino kugula, bola masipeya ake alipo

Chaka chilichonse mwezi wa Januwale ukafika, pakati pa ife Amalawi okhala kuno ku Britain pamabuka nkhani ya kulimbitsa thupi. Ena amakhala atangouzidwa ndi dokotala kuti BP yakwera, ena kuti shuga wayandikira, ndipo ena amangoona okha kuti lamba wa thalauzi wasowa bowo lolowetsa. Chaka chino mkangano womwe ndaumva kwambiri, kutchalitchi ndi m'misonkhano ya chibale, wagona pa makina opalasa, aja munthu amakhala pakampando kotsetsereka n'kumakoka chogwirira ngati akuyendetsa boti pamadzi. Gulu lina likuti munthu wanzeru agule atsopano kusitolo, gulu lina likuti makina otere ndi kuwononga ndalama basi, ndipo pali owerengeka omwe akuti ogwiritsidwa kale ntchito ndi okwanira. Ine ndili ndi owerengekawo, ndipo maganizo anga ndi akuti munthu wofuna kupalasa kunyumba kwake achita bwino kugula makina akale a mtundu wodziwika ndi kulimba, ngakhale atakhala ndi zaka 20 kapena kuposerapo, kusiyana ndi kugula atsopano otchipa kapena atsopano odula okhala ndi sikirini yaikulu. Chofunika kuyang'ana si zaka za makinawo ayi, koma ngati masipeya ake akupezekabe ndiponso ngati mbali zake zoyenda zili bwino.

Kuti mfundo imeneyi imveke, tiyenera kuona kaye momwe makinawa anapangidwira, chifukwa mphamvu yonse ya mtsutso wanga ili pamenepo. Makina omwe amapezeka kwambiri m'majimu ndi m'makalabu a opalasa maboti ndi a kampani ya Concept2, yomwe anayambitsa abale awiri, Dick ndi Peter Dreissigacker, m'chaka cha 1976, ndipo likulu lake lili ku Morrisville m'chigawo cha Vermont ku America. Poyamba abalewa ankapanga nkhafi za mpikisano, ndipo makina awo oyamba opalasira pamtunda, Model A, anatuluka mu 1981 ali ndi gudumu la njinga lenileni. Kenako kunabwera Model B mu 1986, Model C mu 1993, ndi Model D mu 2003. Zaka zonsezi nzeru yake sinasinthe. Munthu akakoka chogwirira, tcheni chimazunguza fani yomwe ili m'chikhola kutsogolo, mphepo imalimbana ndi faniyo, ndipo kulemera komwe wopalasa amamva kumachokera ku mphepoyo. Akakoka mwamphamvu kulemera kumachuluka, akakoka mofatsa kumachepa. Mulibe injini, mulibe waya wopita kukhoma, mulibe chinthu chobisika chomwe munthu wodziwa kukonza njinga sangachimvetse. Chomwe chimatha ndi timagudumu ta pansi pa mpando, malamba omangira mapazi, chingwe chotanuka chomwe chimabweza tcheni, ndi tcheni chomwecho ngati mwini wake sankachithira oilo. Zonsezi n'zosinthika, ndipo chitsulo cha thupi lake chimakhalitsa kuposa chidwi cha mwini wake woyamba.

Otsutsa mfundo yangayi amayamba ndi mantha omwe ndimawamvetsa bwino lomwe. Iwo amati kugula chinthu chakale ndi kugula mavuto a munthu wina, chifukwa palibe amagulitsa mbuzi yonenepa popanda chifukwa. Amawonjezera kuti malamulo a kuno amateteza kwambiri wogula kusitolo kusiyana ndi wogula kwa munthu wamba, ndipo apa akunena zoona. Lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limakakamiza wamalonda kugulitsa katundu wabwino woyenera ntchito yake, koma ukagula kwa munthu m'galaji yake, chomwe ungadandaule nacho n'chakuti katunduyo sali monga anamufotokozera, basi. Makinawo akathyoka mawa lake, ndalama zapita. Komabe, tifunse kuti anthu amagulitsiranji makina opalasa. Galimoto imagulitsidwa nthawi zambiri chifukwa yayamba kudya ndalama kwa makaniko, koma makina olimbitsira thupi amagulitsidwa chifukwa sakugwiritsidwa ntchito. Munthu anawagula ndi mtima wotentha, anapalasa milungu itatu, kenako anayamba kuyanikapo mathawulo. M'chaka cha 2020, majimu atatsekedwa chifukwa cha Covid, anthu anathamangira makina a kunyumba mpaka ofuna Concept2 ankalembetsa pamndandanda n'kudikira. Majimu atatsegulidwa, ambiri mwa makinawo anasanduka katundu wotsekereza njira m'nyumba. Choncho pamsika wa zakale wa makina amenewa, chomwe chinatha kawirikawiri ndi khama la mwini wake, osati makinawo.

Kuwonjezera apo, vuto la makina amenewa silibisala monga limabisalira mu injini ya galimoto, ndipo munthu wosamala angalione m'mphindi 15. Ndinena zomwe ndinachita ine nditapita kukaona Model C yomwe ndimapalasa lero, kwa bambo wina wachikulire yemwe ankasamukira kunyumba yaing'ono. Makinawo anali m'galaji, pambali pa makina otchetchera kapinga, atakutidwa ndi fumbi. Ndinayamba ndi kupukuta njanji yomwe mpando umayendapo, chifukwa litsiro lakuda lomwe limamatirira pamenepo limachititsa mpando kudumphadumpha ngati timagudumu tatha pomwe sitinathe. Nditapukuta, mpando unayenda mosalala. Kenako ndinakoka tcheni chonse pang'onopang'ono n'kuchiyendetsa m'zala, kufuna kumva ngati pali mfundo youma kapena dzimbiri lodya chitsulo, ndipo ndinapeza kuti chinali chouma chabe ndi ludzu la oilo. Nditasiya chogwirira, chinabwerera mwaulesi osafika bwino pachikhola, kusonyeza kuti chingwe chotanuka cham'kati chatopa. Pomaliza ndinatsegula kumbuyo kwa monita, kakompyuta kaja koonetsa manambala, chifukwa mabatire oiwalika amatuluka madzi oyera n'kudya tizitsulo togwira moto. Munali mbee. Ndinapalasa mphindi zisanu mwini wake akuyang'ana, ndikumvetsera ngati fani ikukhula penapake, ndipo nditamuonetsa za chingwe chija anatsitsa mtengo popanda kukangana. Safunsa anadya phula, koma wogula makina otere ali ndi mwayi wofunsa makinawo mwachindunji, ndipo amayankha zoona.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yomwe imakopa anthu ambiri, ndipo ndi yomwe ndikufuna kukhalapo nthawi. Iwo amati ndalama zomwe munthu angapereke pa makina a zaka 25 zingathe kugula makina atsopano m'bokosi, okhala ndi chikalata cha waranti, obweretsedwa pakhomo. Nanga munthu angasiyirenji chatsopano n'kutola chakale pamtengo umodzimodzi? Funso limeneli ndinalifunsapo ndekha, ndipo ndinaliyankha molakwika. Makina anga oyamba anali atsopano, otchipa, a mtundu uja wokhala ndi timipope ta oilo m'mbali m'malo mwa fani. Sabata zoyamba ankaoneka bwino. Koma ndinaona kuti ndikapalasa mphindi 15 timipopeto tinkatentha, kulemera n'kuyamba kuchepa, kotero kuti kumapeto kwa masewera ndinkakoka ngati ndikukoka mphepo. Patapita miyezi ingapo kamodzi kanayamba kudontheza oilo pakapeti ya nyumba ya lendi, ndipo nditafufuza kogula kena ndinapeza kuti mtundu umenewo anasiya kuupanga ndipo sipeya yake kulibe. Makina athunthu anapita kudzala chifukwa cha kachinthu kamodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Waranti ya chaka chimodzi imateteza chaka chimodzicho, pomwe kupezeka kwa masipeya kumateteza zaka zonse zomwe munthu akhale ndi makinawo. Pachifukwa chimenechi kuyerekeza mitengo ya tsiku logula n'kosakwanira. Tiyenera kuyerekezanso mitengo ya tsiku logulitsa, ndipo aliyense amene wayang'anapo pa masamba a paintaneti ogulitsirapo katundu monga eBay kapena Gumtree akudziwa kuti makina odziwika akale satsika mtengo msanga, pomwe otchipa aja anthu amangopempha wina adzawachotse ulere.

Ife Amalawi nzeru imeneyi si yachilendo, ndipo n'zodabwitsa kuti timaiiwala tikafika m'masitolo a kuno. Mayi wodziwa kusankha pa kaunjika amadziwa kuti jekete yakale yosokedwa bwino iposa yatsopano yomwe ulusi wake uyamba kusomphoka ikangochapidwa kawiri. Munthu woitanitsa galimoto yakale ku Japan safunsa kaye za utoto, amafunsa ngati masipeya ake amapezeka ku Limbe kapena ku Lilongwe, n'chifukwa chake misewu yakwathu yadzaza ndi Toyota. Telala amene ali ndi makina osokera a Singer opondera ndi phazi sangawasinthanitse ndi apulasitiki a masiku ano. Makina opalasa a mphepo ali m'gulu lomweli la zinthu zomwe zinapangidwa kuti zizikonzedwa. Ndipo kwa amene akuganiza zodzawatumiza kumudzi m'kontena, pali ubwino wina woonekeratu, wakuti safuna magetsi. Monita yake imayendera mabatire, ndipo ngakhale itazima, fani imazungulirabe ndipo thukuta limatulukabe. Magetsi akathima madzulo, mwini makina othamangirapo oyendera magetsi amakhala pansi, koma wopalasa amapitiriza mumdima.

Palinso ena, makamaka achinyamata, omwe vuto lawo ndi monita. Iwo amati makina akale ndi osasangalatsa, chifukwa amangoonetsa manambala akuda pagalasi lotuwa, pomwe makina amakono monga Hydrow kapena Peloton Row, yomwe inatuluka mu 2022, ali ndi sikirini yaikulu yoonetsa mtsinje ndi mphunzitsi wolimbikitsa. Amati chomwe chimalepheretsa anthu masewera si kusowa makina koma kutopa ndi kubwereza chinthu chimodzimodzi, ndiye ngati sikirini ithandiza munthu kupitiriza, ndalamayo sinapite pachabe. Pali choonadi pamenepa ndipo sindikuchikana, chifukwa kupalasa wekha m'chipinda n'kotopetsa m'mutu. Komabe makina a sikiriniwa amafuna malipiro a mwezi ndi mwezi kuti maphunzirowo aoneke, amafuna magetsi ndi intaneti, ndipo moyo wao wamangiriridwa ku moyo wa kampani yowapanga ndi mapulogalamu ake. Tonse tikudziwa momwe foni ya zaka zisanu imayambira kukana mapulogalamu atsopano. Munthu amene walembetsa malipiro otere wangosamutsira bilu ya jimu m'chipinda chake chogona. Makina akale, mosiyana ndi zimenezi, amalola kusintha monita yokha. Monita ya PM5, yomwe inatuluka mu 2014 ndipo imalumikizana ndi foni, imatheka kuikidwa pa Model C kapena Model D, motero chitsulo cha m'ma 1990 chimalankhula ndi foni ya lero. Ndipo amene safuna kuwononga ndalama imeneyo angoika foni pampando patsogolo pake n'kumamvera wailesi yakwathu kapena kuonera mpira. Ine ndimatero, ndipo mphindi 45 za chigawo choyamba zimatha ndisanazindikire.

Manambala otuwawo ali ndi ulemu wake womwe onyoza saudziwa. Mipikisano ya maboti pa Olympics imachitika pa mtunda wa mamita 2000, ndipo opalasa padziko lonse amadziyesa pa mtunda womwewo pa makina a mtundu umenewu. Monita imayeza momwe fani ikuchepetsera liwiro pakati pa kukoka kulikonse n'kuwerengera mphamvu yeniyeni yomwe munthu waika, n'chifukwa chake nthawi ya munthu wopalasa pa makina akale ku Leeds ingathe kuyerekezedwa ndi ya wina wopalasa pa atsopano ku Johannesburg. Makina otchipa ambiri amangowerenga kuti wakoka kangati n'kulota mtunda. Kwa munthu wofuna kudziwa ngati mtima ndi mapapo ake zikulimba mwezi ndi mwezi, nambala yoona ya makina akale ndi yothandiza kuposa chithunzi chokongola cha mtsinje.

Mtsutso wamphamvu kuposa yonse, m'kuona kwanga, ndi wa akuluakulu omwe amaseka nkhani yonseyi. Iwo amati kuyenda pansi n'kwaulere, msewu sulipiritsa, ndipo makolo athu sanafunepo makina kuti akhale olimba. Kunena zoona, munthu amene amalima, kutunga madzi ndi kupalasa njinga makilomita ambiri tsiku lililonse safunika makina amenewa, ndipo msodzi wa ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi angaseke kumva kuti wina walipira ndalama kuti apalase boti losachoka pamalo. Ndikuvomerezanso kuti amene angathe kuyenda mwachangu tsiku ndi tsiku ayende, ndalama zake asunge. Koma moyo wa ambiri a ife kuno si wotero. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita masewera olimbitsa thupi apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Mayi amene amagwira ntchito ya maola 12 kunyumba yosamalira okalamba, amene mwezi wa Disembala amachoka kunyumba kuli mdima n'kubwerera kuli mdima popeza dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, amene ali ndi ana oti sangawasiye okha, mphindi zimenezo azipeza mumsewu uti? Jimu imafuna ulendo wopita ndi wobwera ndi malipiro odulidwa kubanki mwezi uliwonse, apite asapite. Makina a kunyumba amachotsa zifukwa zonsezi, ndipo ngati ndi akale ogulidwa motchipa, munthu sanaike ndalama zambiri pachiswe pofuna kuyesa ngati masewerawa amuyanja.

Pamenepa wina anena kuti makinawo adzasanduka choyanikapo zovala monga anachitira kwa mwini wake woyamba. N'zotheka ndithu, ndipo palibe makina omwe angachiritse ulesi. Koma mfundo imeneyi ikuthandiza mbali yanga, chifukwa ngati pali chiopsezo choti munthu adzasiya, ndi bwino asiye makina omwe angawagulitse pamtengo woyandikira womwe anagulira kusiyana ndi atsopano omwe mtengo wake unagwa tsiku lomwe bokosi linatsegulidwa.

Nkhawa ya msana nayo imamveka kawirikawiri, ndipo ena amaikankhira pa ukalamba wa makina. Msana umapweteka chifukwa cha kapalasidwe kolakwika, pa makina atsopano ndi akale omwe. Ambiri a ife timabwera ndi chithunzi cha bwato lakunyanja, momwe munthu amayang'ana kutsogolo n'kupalasa ndi manja ndi mapewa, koma pa makinawa mphamvu zambiri zimachokera m'miyendo. Miyendo imakankha kaye, thupi n'kuweramira kumbuyo pang'ono, manja n'kumalizitsa, ndipo pobwerera manja amatsogola, thupi n'kutsatira, mawondo n'kupindika pomaliza. Cholakwa china chofala ndi kukweza kachipangizo ka m'mbali mwa fani, komwe kamachulukitsa kapena kuchepetsa mphepo yolowa, kufika pa 10 poganiza kuti pamenepo ndi pa amuna enieni, pomwe opanga ake amalangiza pakati pa 3 ndi 5 kwa anthu ambiri. Amene ali kale ndi vuto la msana kapena la mtima ayambe waonana ndi dokotala, koma kwa wa mawondo ofooka kupalasa n'kofewa kuposa kuthamanga pa tala, popeza phazi silimenya pansi.

Sindikunena kuti chilichonse chakale n'choyenera kugula, ndipo apa ndiyenera kuika malire pa mfundo yanga. Model A, ya gudumu la njinga losaphimba bwino ija, isiyireni okonda kusunga zakale, makamaka ngati m'nyumba muli ana okonda kulowetsa zala paliponse. Makina omwe njanji yake yapindika kapena chitsulo chake chang'aluka polumikizira asiyeni ngakhale mtengo utatsika bwanji. Ochokera m'jimu amakhala atapalasidwa ndi anthu mazanamazana, choncho amafuna diso lakuthwa kuposa ochokera m'nyumba ya munthu. Makina a madzi a WaterRower, omwe anayamba kupangidwa mu 1988 ndipo ambiri ndi a matabwa, nawonso amakhalitsa, koma wogula ayang'ane ngati thanki yake sikudontha pamsoko. Phokoso lake ndi la madzi, lofatsa, ndipo kwa wokhala m'fulati yokhala ndi anansi pansi amenewa angakhale oyenera kuposa a mphepo, omwe amafuula ngati chimphepo cha mwera. Malo nawo ayezedwe munthu asanapite kukagula, chifukwa Model D ndi yotalika pafupifupi mamita awiri ndi theka, ngakhale imagawika pawiri posunga. Ndipo ndalama zisatumizidwe kwa munthu wapaintaneti makinawo asanaonedwe ndi kukhalidwapo, chifukwa akuba amadziwanso kuti makina amenewa amafunidwa, ndipo amaika zithunzi za katundu yemwe alibe.

Model C yanga ija ndinaibweretsa pagalimoto ya mnzanga titapinda mipando yakumbuyo. Loweruka lotsatira ndinatsegula chikhola cha fani n'kuchotsamo fumbi lodzaza manja awiri, lomwe linkatsekereza mphepo n'kupeputsa kukoka. Ndinasintha chingwe chotanuka chija ndi malamba a mapazi, n'kuthira oilo pang'ono pakansalu n'kupukutira tcheni, monga amalangizira kuchita pakatha maola 50 aliwonse opalasa. Ntchito yonse sinapitirire masana amodzi, ndipo zida zake zinali sipanala, sikuludilaiva ndi nsanza ya malaya akale. Makinawo ali pakhonde la m'kati pafupi ndi khitchini, utoto wake unasupuka pomwe zidendene za mwini wake woyamba zinkakhudza, ndipo mkazi wanga, yemwe poyamba ankati ndatola chitsulo chakudzala, ndi amene tsopano amawapalasa m'mawa ndisanadzuke.